Mlatho, Bwenzi kapena Potsamira: Tikamuyimbire Iti Wosweka Mtima?

Mlamu wanga amaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale ku Zingwangwa. Tsiku lina m'mwezi wa June, chiperoni chitakuta phiri la Soche, anandiyimbira foni usiku.

"Alamu, tikufuna nyimbo."

Mnzawo wa kuntchito, mayi wachikulire amene waphunzitsa theka la ana a m'deralo, anali atataya amuna awo. Maliro anali atapita, abale atabalalika, nyumba yangotsala zii. Aphunzitsi anzawo anapangana zokawaona Loweruka masana atanyamula shuga, sopo ndi kathumba ka ufa, koma ankafuna akayimbekonso. Nyimbo za m'buku zinali zitayimbidwa mokwanira pasiwa. Malemuwo ankakonda nyimbo zachingerezi zakale zofatsa, zija zimalira pawailesi Lamulungu madzulo anthu akusita zovala za mawa, ndiye aphunzitsiwo ankafuna imodzi mwa zimenezo.

"Inu mumayimba kiyibodi. Tisankhireni, koma isakhale yokatichititsa manyazi."

Ndayimba kiyibodi m'maukwati, m'masendofu ndi m'maphwando otsanzikana ndi opuma pantchito muno mu Blantyre kwa zaka zambiri ndithu, ndipo pempho lotere si lachilendo. Anthu akati nyimbo yakale yolimbitsa mtima, zomwe amatchula ndi zinayi zomwezo: Bridge over Troubled Water, You've Got a Friend, Stand by Me ndi Lean on Me. Ambiri amaziunjika pamodzi ngati mulu wa tomato, poti zonse zikukamba za kugwirana dzanja pamavuto. Koma mukazitchera khutu mupeza kuti wolankhula mu iliyonse waima pamalo pake, ndipo malo amenewo ndi omwe amagamula kumene nyimboyo ikuyenera kupita. Ina ndi yoyimba munthu mmodzi enanu mutakhala chete, ina ndi ya anthu awiri okha, ina ndi ya paukwati, ina ndi ya chigulu.

Ndiyambe ndi yomwe ndimaikonda kuposa zonse, kuti mudziwiretu komwe mtima wanga wapendekera. Bridge over Troubled Water inatuluka mu January 1970. Anaipeka ndi Paul Simon, koma woyimba wake ndi mnzake Art Garfunkel, ndipo piyano yomwe imatsegula nyimboyo ili m'manja mwa Larry Knechtel. Ku America inakhala pamwamba pa mndandanda wa Billboard masabata 6, ndipo mu 1971 inakolola mphoto za Grammy, kuphatikizapo ya nyimbo yopambana ya chaka. Uthenga wake ndi waufupi. Munthu akuuza mnzake wotopa, wa misozi m'maso, amene abwenzi amuthawa, kuti iye adzadzigoneka pamwamba pa madzi olusa kuti mnzakeyo awolokerepo. Azungu akuti mlatho, koma ine ndikaimva ndimaona ulalo wa kumudzi, mtengo uja amaugwetsa pamtsinje, wopondedwa ndi aliyense, wa mtolo pamutu ndi wokankha njinga yemwe.

Simon sanabise kuti fanizo la mlatholo analitola m'nyimbo yauzimu ya gulu la Swan Silvertones, pa mawu amene woyimba wawo Claude Jeter anaponyamo. N'chifukwa chake nyimboyi imanunkhira tchalitchi ngakhale dzina la Mulungu mulibemo. Koma chomwe chimandigwira ine ndi kuleza kwake. Imayamba ndi piyano ndi liwu limodzi basi, chapansipansi, monga momwe timalankhulira kuchipinda kwa wodwala. Ndime yoyamba itha, yachiwiri idutsa, ng'oma sizinalowebe kwenikweni. Wozolowera nyimbo za masiku ano, zomwe kolasi imafika munthu usanakhale n'komwe pansi, angaganize kuti oyimba ena achedwa panjira. Ndime yachitatu ndi yomwe imatsegula zitseko zonse: besi, ng'oma, mavayolini, Simon naye n'kulowa kudzathandiza mawu, mpaka Garfunkel akwera pamwamba penipeni n'kukhazikika pomwepo. Ndime imeneyi poyamba panalibe. Inawonjezedwa ali kale mu situdiyo, Garfunkel ndi wojambula Roy Halee ataona kuti nyimboyo ikufuna kukula. Yonse ndi mphindi pafupifupi 5, ndipo zitatu zoyambazo zikuchita zomwe munthu wodziwa kupepesa amachita. Amafika, amakhala pansi, amakhala chete kaye, mawu n'kumabwera pambuyo.

Chodabwitsa n'chakuti awiriwa anasiyana chaka chomwecho cha 1970, ndipo Simon anavomera pambuyo pake kuti zinkamuwawa kuona anthu akuwombera m'manja mnzake pa nyimbo yomwe anapeka iye. Ambiri kunoko Simon tinamudziwa mochedwa, pa chimbale cha Graceland cha 1986 chija anayimbamo ndi Ladysmith Black Mambazo, ndi pomwe anakayimba ku Harare mu 1987 limodzi ndi Miriam Makeba ndi Hugh Masekela. Ena sakhulupirira kuti ndi munthu yemweyo anapeka ya mlathoyi.

Tsono vuto lake nali. Nyimboyi siyimbika ndi munthu wamba. Ili mu kiyi ya E flat, imayambira pansi n'kukathera kumwamba komwe abambo ambiri mmero umawakanika. Mukati muitsitse ndi batani la pakiyibodi, kumapeto kumafikirika koma koyambirira kumamira m'chitsime. Ndaonapo mnyamata wa kwaya, wa mawu abwino ndithu, akuyenda bwinobwino ndime ziwiri, n'kudzasweka liwu pa mzere womaliza anthu onse atamuyang'ana. Paukwati anthu amaseka, nkhani n'kutha. M'nyumba ya wofedwa mulibe woseka, ndiye manyaziwo amakhala nawe mpaka kunyumba. Chinanso, ndi nyimbo ya liwu limodzi. Aphunzitsi khumi ndi awiri akanangokhala oonerera, pomwe onse anabwera kuti apereke kanthu. Ndiponso popanda piyano nyimboyi ndi ndiwo zopanda mchere, ndipo tonse tikudziwa mmene magetsi amachitira Loweruka masana.

Pali china chomwe chimakhudza ife a mu Blantyre kuposa ena. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, milatho n'kukokoloka m'maboma ambiri a kum'mwera kuno. Zingwangwa ndi khomo loyandikana ndi kumeneko. Kwa munthu wa ku New York madzi olusa ndi fanizo lokoma. Kwa wina wa kuno ndi mkokomo womwe anaumva usiku uja, ndi mwana yemwe sanapezeke. Ena nyimboyi imawatonthoza pa chifukwa chomwecho, monga momwe oyimba a ku Britain anaijambulira mwatsopano mu 2017 pothandiza ovutika ndi moto wa ku Grenfell Tower mu London. Ena imawatukula chilonda. Simungadziwe pongoyang'ana nkhope, ndiye kufunsa kaye wachibale sikulakwa.

Ngati gulu lanu lili ndi mayi wa mawu amphamvu ndipo mwaumirira nyimbo yomweyi, mverani mmene Aretha Franklin anaiyimbira mu 1971. Iye anaibwezera kutchalitchi komwe inachokera: limba, wotsogolera, ndi amayi ovomera kumbuyo. Kuvomerako kumapatsa ena chochita, ndipo makutu athu anazolowera kayimbidwe kotere. Kungoti njira imeneyo imafuna Aretha wake. Elvis Presley naye anaijambula mu 1970, koma yake ndi ya pasiteji, si ya pabalaza.

You've Got a Friend ndi yofatsa kuposa zonsezi. Anaipeka ndi Carole King, ili pa chimbale chake cha Tapestry cha 1971. James Taylor anaijambulanso chaka chomwecho, ndipo yake ndi yomwe inafika pa nambala 1 ku America. Panalibe kulandana. Ankajambula nthawi imodzimodzi ku Los Angeles, Taylor n'kuyimba gitala m'nyimbo ya King, Joni Mitchell n'kuthandiza mawu m'nyimbo ya Taylor, ndipo onse awiri, King ndi Taylor, analandira nayo Grammy. Ubwenzi womwe nyimboyo ikunena umamveka ngakhale m'kajambulidwe kake.

Lonjezo lake ndi laling'ono poyerekeza ndi la mlatho lija. Palibe zodzigoneka pamtsinje. Akungoti ukandiitana ndibwera chothamanga, kaya ndi nyengo iti, n'kutchula nyengo zinayi za kwawoko. Ife tikanati dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe. Ndimakonda mmene ndime imayendera m'makodi olemera, achisoni, kolasi ikafika n'kuwala ngati wina watsegula zenera. Nyimboyi sifuna magetsi, gitala imodzi yakwana, ndipo mawu sakwera koopsa. Koma musanyengedwe ndi kufatsako. Makodi ake ndi ambiri, ena opotoka, ndipo zala za Taylor zimatola nsambo imodziimodzi m'njira yomwe woyimba gitala ya makodi atatu ya pakhonde sangaitole tsiku limodzi. Mawu nawonso ndi ambiri, ovuta kuwaloweza pa masiku atatu.

Chimene chinandichititsa kuisiya si chimenecho ayi. Nyimboyi imadikira kuitanidwa. Kwathu kuno wofedwa saitana anthu. Uthenga ukamveka anthu amangonyamuka, wina ndi nkhuni, wina ndi ndowa ya madzi, wina manja okha. Mayi wachikulire, mphunzitsi wolemekezeka, sangatenge foni n'kuuza mwana wa dzana pantchito kuti ndasungulumwa bwera. Kuwayimbira kuti "mukafuna mutiitane" tili kale m'nyumba mwawo kukanamveka ngati tikutsanzika. Malo enieni a nyimboyi ndi pomwe pali mtunda. Mnzanu ali ku Joni ganyu yamuthera, mng'ono wanu ali kusukulu ku Mzuzu mayeso amupweteka, inu simungafikeko: mutumizireni imeneyi pa WhatsApp usiku, mutsatize ndi kumuyimbira foni. Pamenepo palibe yoiposa. Kungoti abambo, onani kaye yemwe mukumutumizira. Nyimbo ya ubwenzi ikafika pafoni ya mkazi wa mwini pakati pa usiku, ankhoswe samvera mawu achingerezi.

Ya Stand by Me sindichedwapo. Ben E. King anaitulutsa mu 1961, ataipeka limodzi ndi Jerry Leiber ndi Mike Stoller. Besi yake ija aliyense amaizindikira isanathe mzere woyamba, makodi ndi anayi ongozungulira, ndipo chithunzi cha mapiri akugwera m'nyanja chikuchokera mu Salimo 46. Kuyimbika ndiye imayimbika bwino, kwaya iliyonse ingaithe madzulo amodzi. Koma mverani yemwe akulankhula. Uyu sakupereka thandizo, akupempha, ndipo akupempha wokondedwa wake kuti aime pambali pake. Si pachabe kuti kwaya ya Kingdom Choir inaiyimba paukwati wa Prince Harry ndi Meghan Markle ku Windsor mu May 2018. Paukwati, pachinkhoswe, pokondwerera zaka 25 za banja, itengeni osakayika. Pamaso pa mayi amene woima pambali pawo wangoikidwa kumene m'manda, ayi.

Yatsala Lean on Me. Bill Withers anaitulutsa mu 1972 pa chimbale cha Still Bill, ndipo nayonso inafika pa nambala 1. Mbiri ya mwini wake imafotokoza nyimboyo kuposa mmene ine ndingaifotokozere. Anabadwira ku Slab Fork, kamudzi ka migodi ya malasha ku West Virginia, anakula ndi chibwibwi, anagwira usilikali wa pamadzi zaka 9, kenako n'kumagwira ntchito m'fakitale yopanga zimbudzi za m'ndege ku Los Angeles. Kutchuka kunamupeza atadutsa kale zaka 30. Mumzinda waukuluwo anasowa khalidwe la kwawo, komwe anthu osauka ankathandizana popanda kulemberana kalata, ndipo nyimboyi inabadwa m'kusowa kumeneko. Aliyense wochoka ku Thyolo kapena ku Mulanje n'kudzachita lendi ku Ndirande, kumene neba wa chipupa chimodzi mumatha mwezi osadziwana dzina, akudziwa chimene Withers ankamva.

Anaipeka pa piyano yamagetsi ya Wurlitzer, ndipo poti sanali katswiri wa piyano, anangoika zala m'kaimidwe kamodzi n'kumazikweza ndi kuzitsitsa pa makiyi oyera okhaokha, kuyambira pa C. Ndaphunzitsapo ana a Sande sukulu poyambira pake, masana amodzi anali atapagwira. Mawu amayenda limodzi ndi zalazo, sitepe imodziimodzi, osalumpha. Abambo, amayi, wa mawu okoma ndi wa mawu a khwangwala, onse amakwanamo. Ndipo chapakati pali malo pomwe zida zambiri zimasiya, n'kutsala kuwomba m'manja ndi besi. Magetsi akazima nyimboyi sidziwa n'komwe.

Koma chachikulu ndi malo omwe wolankhula waima. Wa mlatho uja ndi wamphamvu, akupulumutsa wofooka. Wa bwenzi uja ali patali, akudikira kuitanidwa. Uyu wakhala pamkeka womwewo. Akuti tsamira pa ine lero, chifukwa sipatenga nthawi nanenso ndifuna potsamira. Ndi mwambi wathu uja wa mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako, wangovala chingerezi. Pena akumuuzanso mnzakeyo kuti asachite manyazi kunena chomwe chamusowa. Munthu wolandira shuga ndi sopo kuchokera kwa anzake a kuntchito amamva kuchepa, ngakhale asanene. Nyimbo yonena kuti ili ndi chipereganyu, lero kwanu mawa kwathu, imamubwezera ulemu wake. Mwa zinayizi, ndi yokhayi yomwe wotonthozedwayo angathe kuyimba nawo popanda kumva kuti akudziyimbira yekha. Withers anafikapo ku Africa kuno, anayimba ku Kinshasa mu 1974, ndipo atamwalira mu March 2020, mliri wa Covid-19 utangoyamba, anthu otsekeredwa m'nyumba m'maiko ambiri ankayimba nyimbo yomweyi.

Zofooka ili nazo. Sikunyamula munthu kupita naye kumwamba ngati ya mlatho, ndipo amene waimva kambirimbiri m'maphwando a sukulu akhoza kuitopa. Choopsa kwambiri ndi ife eni. Amalawi tikangoyamba kuwomba m'manja, liwiro limakwera lokha, chiuno n'kutsatira, wina nthungululu. Gulu la Club Nouveau linaisandutsa nyimbo yovina, nayo n'kufika pa nambala 1 mu 1987, ndipo ena ndi imeneyo amaidziwa. M'nyumba ya chisoni tsatirani ya Withers. Muike munthu mmodzi wa mtima wofatsa kuti ndiye azitsogolera kuwomba, enawo azimuyang'ana manja.

Mlamu wanga anafunsanso ngati sikukanakhala bwino kuimasulira m'Chichewa. Ndinawaletsa. Mawu achingerezi ndi afupi, athu ndi aatali. Mutu wa Lean on Me uli ndi maphatikizo 3, pomwe "tsamira pa ine" ali 6, ndipo ngakhale mufinye kuti "nditsamire" akadali 4. Mzere uliwonse mumapezeka mukuthamangitsa lilime, kufatsa konse kuja n'kuthawa. Ya mlatho ndiye musayese n'komwe. Chomwe chimathandiza n'chakuti mmodzi aime, anene m'Chichewa ndi mawu ochepa chimene nyimboyo ikutanthauza ndi chifukwa chomwe mwaisankhira, kenako muyimbe momwe ilili. Ndinenenso poyera kuti zonse ndakambazi ndi za masiku a pambuyo, anthu atabalalika. Pasiwa penipeni ndi kumanda, zinayi zonsezi zitsale kunyumba. Kumeneko ndi kwa amayi a chigwirizano ndi a mvano ndi buku lawo la nyimbo, ndipo wobwera ndi gitala ya chingerezi adzakambidwa mpaka chaka chamawa.

Tinagwirizana Lean on Me. Tinaiyeserera kawiri m'kalasi ana ataweruka, ine ndikumenya desiki kuti asathamange.

Loweruka ndinakwera minibasi kiyibodi ili pamiyendo, kondakitala n'kufuna kuilipiritsa mpando wake. Titafika tinapeza magetsi kulibe, ndiye inangotsamira pachipupa m'chikwama chake. Mayiwo anakhala pamkeka ndi achemwali awo, ife amuna pamipando. Mlamu wanga ananena mawu ake ochepa aja, mphunzitsi wina wa masamu n'kuyamba besi ndi pakamwa, ife n'kulowa. Pakolasi yoyamba mayiwo anangoyang'ana pansi. Pofika powomba m'manja paja ndinaona chala chawo chikugogoda pabondo, pansi pa chitenje. Sitinathamange kwambiri, ngakhale kumapeto wa masamu uja anayamba kugwedeza mapewa mpaka mlamu wanga anamutsina.

Tiyi atamwedwa, anthu akuyamba kusuntha mipando, mayiwo anandikodola.

"Achimwene, ija ya mlatho muli nayo? Abambo a kuno ankaikweza imeneyo mpaka aneba kudandaula."

Ndinachita kakasi, poti ndi yomwe ndinaibisa dala. Inalimo mufoni. Ndinapempha kapu yopanda kanthu, n'kuikamo foniyo kuti mawu akule, n'kuikhazika pamkeka. Piyano ya Knechtel inayamba, yaing'ono ngati ikuchokera kunyumba yachitatu. Palibe anayimba nawo. Amene anali ataima kale pakhomo anabwerera n'kukhala pansi. Itatha, batire itatsala pang'ono, mayiwo anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje nati tiibwereze.